Hilda ndi Batani Lofuna Manja Awiri

Hilda anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Hilda ankafuna kulembera amayi ake kalata. Koma dzanja lake lamanja linali m'chikhakha.

Anagwa mumtengo wa mango Lolemba. Mango anafika pansi bwinobwino. Hilda ndiye anafika moipa.

Amayi sanali pakhomo. Anali ku Sinda, pafupi ndi chipatala. Ankagona m'nyumba ya amayi oyembekezera. Ankadikira kubadwa kwa mwana.

Mbiri ya dzanja inafika ku Sinda msanga. Wina anauza amayi kuti dzanja lathyoka. Wina anati athyoka ndi manja onse awiri. Wina anawonjezapo ndi mwendo.

Amayi anatumiza mawu kumudzi. "Hilda andilembere yekha. Akapanda kulemba, ndikubwera wapansi."

"Wapansi?" anatero a Ezekieli, atate a Hilda. "Mmene alilimu? Ayi ndithu."

Atate anayang'ana Hilda. "Lemba kalata, mwanawe. Ndinyamuka nayo Lachisanu masana."

Hilda ndi amayi anali ndi chizindikiro chawo. Chinali kamtima. Amayi ankakajambula pa makope a Hilda. Hilda ankakajambula ndi khala pakhoma la khitchini. Kalata yopanda kamtima sikanakhala ya Hilda.

Hilda anatenga pensulo ndi dzanja lamanzere. Anayesa kulemba. Zilembo zinatuluka ngati mapazi a nkhuku. Anayesa kujambula kamtima. Kanatuluka ngati mbatata.

Anafufuta. Anayesanso. Inatuluka mbatata ina, yaikulu.

Lachisanu linafika. Hilda anapita kusukulu. Ataweruka, anapita kwa aphunzitsi ake, Amadamu a Zulu.

"Amadamu, ndikufuna kulemba kalata. Koma dzanja ili lakana."

"Nanga linalo?"

"Linalo limangodziwa mbatata."

Amadamu sanaseke. Anangoluma mlomo pang'ono. Kenako anatenga makiyi. Anatsegula chipinda cha kompyuta.

"Kompyuta siyang'ana dzanja," anatero amadamu. "Chala chimodzi chikwanira."

Hilda anakhala pampando. Anafunafuna chilembo A. Anachipeza. Anadina. Anafunafuna chilembo M. Anachipeza. Anadina.

Funafuna, dina. Funafuna, dina. Kalata inakula pang'onopang'ono.

Inati: Amayi, ndine Hilda. Dzanja lathyoka limodzi lokha. Mwendo uli bwino. Ndikudya. Musabwere wapansi.

Hilda anawerenga kalata yake. Zilembo zinali zoongoka. Zinali zokongola. Koma nkhope yake inagwa.

"Amadamu, zilembo izi angalembe aliyense. Amayi adziwa bwanji kuti ndine? Pakufunika kamtima."

Hilda anayang'ana mabatani onse. Panali zilembo. Panali manambala. Kamtima panalibe.

"Kalipo," anatero amadamu. "Kanangobisala. Taona batani ili. Dzina lake ndi Alt. Palokha silichita kanthu. Limafuna linzake."

Amadamu anapanikiza Alt ndi chala chakumanzere. Sanalisiye. Ndi chala chakumanja anadina 3, pa manambala a kumbali. Kenako anasiya Alt.

♥

"Hii!" anakuwa Hilda.

"Gwira, dina, siya," anatero amadamu. Kenako anafufuta kamtima kaja.

"Amadamu! Mwafufutiranji?"

"Kameneko kanali kanga. Amayi ako akufuna kako."

Nthawi yomweyo ahedi anaitana panja. Msonkhano wa aphunzitsi unali utayamba. Amadamu anatuluka. Hilda anatsala yekha.

Hilda anadina Alt. Anachotsa chala. Anadina 3.

3

Anayesanso msangamsanga.

3

Anayesanso msanga kuposa pamenepo.

3 3 3

"Sindikufuna samu," anatero Hilda. Anafufuta.

Anaika chala chaching'ono pa Alt. Anatambasula dzanja. Anatambasula kwambiri. Koma 3 anali kutali. Dzanja linali laling'ono.

Anaika chikhakha pa Alt. Chikhakha chinali chachikulu. Chinadina mabatani ambiri.

xcxcxcxc

Hilda anafufuta.

Kenako anawerama. Anapanikiza Alt ndi chibwano. Tsopano sankaona manambala. Anapapasa ndi chala. Anadina. Anadzutsa mutu.

♠

Kanali kamtima ndithu. Koma kanali kozondoka. Kanalinso ndi mchira. Chala chinali chitadina 6.

"Amayi akaona aka, athamanga," anatero Hilda. Anafufuta.

Panja belu la njinga linalira. Ngiri! Ngiri!

Anali atate. Pa njinga panali thumba la ufa. Panali mtolo wa nkhuni. Panalinso chibwabwa cha amayi, masamba a maungu.

Atate anaima pakhomo. Anavula chipewa. Sanalowe.

"Hilda, kalata ija. Mitambo yada. Mvula ikagwa, mtsinje udzaza. Sindioloka."

"Yatsala pang'ono, atate."

"Chatsala n'chiyani?"

"Kamtima."

"Tingopita nayo choncho."

Hilda anapukusa mutu. Misozi inali pafupi. "Popanda kamtima amayi sakhulupirira. Abwera wapansi."

Atate anayang'ana kumwamba. Anayang'ana Hilda. Anadziwa kuti mwanayo akunena zoona. Amayi a Hilda akanena chinthu, ankachita.

Hilda anayang'ana dzanja lake limodzi. Kenako anayang'ana manja a atate. Anali awiri. Onse anali bwinobwino.

"Atate, lowani. Ndibwerekeni chala chimodzi."

"Ine?" Atate anabisa manja kumbuyo. "Zala izi ndi za pulawo, mwanawe. Makina otere sindinawagwirepo."

"Chala chimodzi chokha."

"Ndikathyola, ana a sukulu yonse anditsata mpaka kumunda."

"Simuthyola. Ine ndadina ndi chibwano, sanathyoke."

Atate anapukuta mapazi pakhomo. Anapukutanso. Analowa monyang'ama, ngati muli mwana wogona. Anapukuta chala pa buluku.

"Apa," anatero Hilda. "Gwirani batani ili. Musasiye."

Atate anaika chala pa Alt. Chala chinali chachikulu. Chinali cholimba.

"Ndagwira," anatero atate.

Hilda anadina 3. Anayang'ana pagalasi.

Panalibe kanthu.

Hilda anadikira. Atate anadikira. Panalibe kanthu.

"Ndawononga eti?" ananong'ona atate. Anapanikiza Alt kwambiri. Thukuta linatuluka pamphumi.

Kutali bingu linagunda.

Hilda anatsinzina. Anakumbukira mawu a amadamu. Gwira. Atate agwira. Dina. Iye wadina. Chatsala chimodzi.

"Atate, siyani!"

"Unati ndisasiye."

"Tsopano siyani."

"Pulawo sasiya pakati pa mzere, mwanawe."

"Mzere watha, atate. Siyani."

Atate anakweza chala pang'onopang'ono.

♥

Atate anadumpha cham'mbuyo. Chipewa chinagwa pansi.

"Hii! Katuluka kuti kameneka?"

"Kanali m'kati. Kamadikira kuti musiye."

Hilda anafuna kuomba m'manja. Sizinatheke. Anangomenya chikhakha ndi dzanja linalo. Gogogo!

Bingu linagundanso.

"Atate, mvula ija," anatero Hilda.

Koma atate sanasunthe. Ankayang'ana kamtima. Anakanda kumutu. Anatsokomola pang'ono.

"Kodi," anatero atate, "m'katimo kanali kamodzi kokha?"

"Muli tambiri."

"Oo." Atate anayang'ana pakhomo. Panalibe munthu. "Nanga munthu atafuna kena?"

Hilda anamwetulira. Anaika chala chake pa Alt.

"Ndagwira, atate. Dinani 3. Uyu apa."

Atate anapukutanso chala pa buluku. Anadina 3 mofatsa kwambiri. Hilda anasiya.

♥ ♥

Amadamu a Zulu analowa. Anapereka moni kwa atate. Anayang'ana pagalasi. Anaona timitima tiwiri. Anayang'ana Hilda. Anayang'ana atate.

Atate ankayang'ana denga.

Amadamu anayatsa makina osindikizira. Makina analira. Pepala linatuluka lofunda.

Atate anapinda kalata kanayi. Anaiika m'pulasitiki ya shuga. Anaibisa m'malaya. Anakwera njinga. Anapalasa mwamphamvu.

Mvula inagwa. Inagwa kwambiri. Hilda anakhala pakhonde kunyumba. Ankayang'ana njira.

Atate sanabwere tsiku limenelo. Hilda anagona kwa azakhali ake.

M'mawa dzuwa linatuluka. Hilda anakhalanso pakhonde. Kenako anamva belu. Ngiri! Ngiri!

Hilda anathamanga. Anayang'ana kumbuyo kwa njinga. Amayi panalibe. Anayang'ana m'njira. Amayi munalibe. Hilda anapumira m'mwamba. Aka kanali koyamba kukondwa chifukwa amayi sanabwere.

"Atate, munaoloka?"

"Ndinaoloka. Mtsinje unadzaza m'mbuyo mwanga."

"Amayi analandira?"

"Ndinawapeza atamanga kale katundu. Nsapato zili kuphazi."

"Ndiye?"

"Anawerenga kalata. Anafika pansi penipeni. Anaona kamtima. Anati, 'Uyu ndi Hilda wanga.' Anakhala pansi. Anavula nsapato."

Hilda anavina pang'ono. Chikhakha chinavinanso.

"Kenako anaonetsa amayi onse a m'nyumba ija," anatero atate. "Kalata inayenda bedi ndi bedi."

"Nanga kamtima kachiwiri?"

Atate anawerama. Anayamba kupapasa tayala la njinga. Tayala linali bwinobwino.

"Anafunsa kuti ndi ka ndani."

"Munati bwanji?"

"Ndinati makina analakwitsa."

"Atate!"

"Amayi ako anaseka. Anaseka mpaka anesi anabwera kudzaona."

Hilda anaseka. Atate nawonso anaseka. Kenako anakhala pakhonde, awiriwiri.

"Akuti mwana abadwa sabata yamawa," anatero atate. "Afunika kalata yake nayenso."

"Sadziwa kuwerenga, atate."

"Kamtima adzakaona," anatero atate. "Ukapemphe makiyi kwa amadamu. Chala ndibweretsa ine."