Mtengo Umene Amayi Anamva

Nyumba imene Mzime anakuliramo inali ya zipinda ziwiri, koma palibe ankagona ndi njala, ndipo chakudya sichinkakhudzidwa asanapemphere. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Amayi ake ndiwo anamulera ndi makina osokera, aja opalasa ndi phazi, mpaka anamaliza sukulu. Atapeza ntchito yolandira ndalama pawindo la chipatala cholipira, amayi anamusokera siketi yakuda, kenako anamukhazika pansi.

"Mwanawe, pawindo paja pamafika anthu amantha. Munthu amene mwana wake watentha thupi sawerenga chenji. Mtengo uliwonse umene unganene, apereka. Ndiye uziopa Mulungu, poti iwowo alibe chokuopsezera."

"Amayi, ine mumandidziwa."

"N'chifukwa chake ndikunena. Maso ako amathamangira zowala."

Pakhoma la ofesiyo panali bolodi ya mitengo, yoonekera kwa aliyense woima pamzere: kuonana ndi dokotala, kuyezetsa magazi, kujambula m'mimba, bedi. Mnzake wa pawindo anali mayi wamkulu amene aliyense ankamutchula kuti a Malisiti. Sabata yachiwiri, Mzime anapeza bolodi ija ili kuseri kwa kabati.

"Msomali unazuka," anatero a Malisiti. "Ndipo usavutike n'kuufunafuna."

Masana omwewo anamuonetsa kachitidwe kake. Buku la malisiti linali ndi kaboni pakati. Ukalowetsa kakatoni pansi pa tsamba lapamwamba, zimene walemba sizidutsa. Wodwala umamulembera mtengo wako, iye n'kumapita. Kenako tsamba lotsala m'buku umalembapo mtengo weniweni. Ndalama yapamwambayo n'kugawana.

"Kumeneku si kuba?"

"Kuba n'kuthyola chitseko cha munthu, mwana iwe. Ife amatipatsa okha, ndi manja awiri, n'kutithokozanso. Malipiro akowo ungagule nawo chiyani, sopo?"

Tsiku lotsatira Mzime anayamba kuchita zomwezo. Pakutha kwa mwezi dzanja lake linali litazolowera. Inabwera foni, zinabwera nsapato zazitali, kutchalitchi kunayamba kutalika. A Malisiti anati mkono wawo ukuwawa, malisiti onse azilemba ndi Mzime, iye sanaonepo vuto. Tsiku lina mayi wina wobereka mwana anamasula mfundo ya nsalu, anawerenga kawiri, ndalama sizinakwane. Zinali zokwana pa mtengo weniweni. Mzime anayang'ana pafoni mpaka mayiyo anachoka pamzere.

"Malipiro ako ndimawadziwa," amayi anatero akuyang'ana nsapato zija. "Izi wazitenga kuti?"

"Ndikulipira pang'onopang'ono."

"Chabwino. Koma ndalama zako usandipatsenso. Makina angawa akundikwanira."

Loweruka lina, mayi woyandikana nawo nyumba anabwera kudzatenga diresi, lisiti ili m'manja, akudandaula. Kujambula m'mimba kokha anamulipiritsa masauzande makumi atatu. Mzime anaona zolemba za dzanja lake lomwe. Mtengo weniweni unali masauzande khumi.

Amayi anasiya kupalasa makina. "Zoona zimenezi, Mzime? Kujambula kokha?"

"Ndi mtengo wake, amayi. Makina ojambulira aja ngodula, ndipo dera lonse lino ali kwathu kokha."

Amayi anagwedeza mutu, anagwira cham'nthiti, n'kupitiriza kusoka. Mzime anangoti wapulumuka.

Panapita miyezi isanu. Amayi anaonda, madiresi awo anayamba kukhwepa, koma akafunsidwa ankati ndi ukalamba. Ankasoka ngakhale tsiku lopuma. M'mawa wina anagwa pampando, mutu n'kumenya chitsulo cha makina. Anansi anawanyamula n'kuwabweretsa kuchipatala komwe kuja.

Mzime analipira yekha, analemba yekha lisiti, kakatoni kali m'thumba. Dokotala atajambula anamuitanira pambali.

"Chotupachi chafalikira, mlongo. Akanabwera miyezi inayi kapena isanu yapitayo, tikanachotsa. Panopa chimene tingathe n'kuchepetsa ululu."

Atalowa m'wodi anapeza amayi atavala magalasi awo osokera. Lisiti ija anaiiwala pakabati ka pambali pa bedi, ndipo tsopano inali m'manja mwawo.

"Apa palembedwa masauzande khumi. Atsitsa liti?"

Mzime anayandikira bedi. Anagwada pansi.

"Sanatsitse, amayi. Ndi mtengo wake kuyambira kale."

Amayi anavula magalasi aja. Pamene anayankhula, mawu anali otsika, opanda ukali.

"Tsiku lija ndinali ndi masauzande khumi ndi awiri m'chitini cha mabatani. Ndinkati Lolemba ndipita. Nditamva mtengo pakamwa pako ndinati ndisoke kaye, zikwane. Dzulo zinali zitafika makumi awiri ndi asanu ndi limodzi."

"Bwanji simunandiuze? Ndikanalipira ine."

"Ndalama zako ndinkaziopa. Ndinkayesa n'za mwamuna wa mwini. Sindinadziwe kuti n'za odwala." Anapinda lisitiyo bwinobwino ngati nsalu. "Ndiye tandiuza, mwanawe, ndife angati amene tinabwerera kunyumba kukasonkha?"

Mzime anayesa kuwawerenga mumtima. Nkhope zinali zambiri, ndipo ambiri sanawayang'ane n'komwe.

Amayi anamwalira patatha masabata atatu. Maliro atatha, Mzime anapita kwa mkulu wa chipatala n'kuulula zonse. A Malisiti anakana kuti sadziwa kanthu, ndipo m'mabuku onse munalidi dzanja la munthu mmodzi. Iwo anangosamutsidwa. Mzime anachotsedwa ntchito, anaimirira yekha kukhoti, anakakhala kundende zaka ziwiri. Makina osokera anagulitsidwa pobweza zina mwa ndalamazo. Kulapa analapa, ndipo Mulungu sakana wolapa, koma amayi ake sanadzuke.

Inu achinyamata amene mwapatsidwa windo, buku ndi cholembera, mverani. Mtengo wabodza sukhala pawindo pamene mwaunenera. Umayenda ndi anthu, umalowa m'nyumba, ndipo odwala amaumva n'kugona pansi osapita kuchipatala. Wakuba amayesa kuti akusankha yekha womubera. Sasankha. Nenani mtengo woona, lembani womwewo pamwamba ndi pansi, chifukwa amene adzakhulupirire bodza lanu ndi mtima wonse ndi uja amene amakukhulupirirani kuposa onse.