Therere la Pakhonde

Pakhomo pa a Job ku Mbombwe panali pamtendere. Bambowo anali dikoni, akazi awo a Phyllis ankaimba kwaya, ndipo mwana wawo Cornelius sankasowa kanthu kupatula anzake.

Anzakewo anawapeza pafoni. Levi, wothira nyimbo m'mamemole pamsika, anamuikira mafilimu akalekale opanda mawu, a azungu oterereka, ogwa pamakwerero, owombana ndi matabwa. Cornelius anakodwa. Anayamba kuwasonkhanitsa, memole iliyonse m'kabokosi kake ka machesi, ndipo akamva za ina ankapalasa njinga mpaka ku Limbe. Nandolo anachita kuthetheka m'munda, mwini wake ali m'chipinda kuseka yekha.

"Mwanawe, munthu akagwa timamudzutsa, sitiseka," anatero mayi ake.

"Amadzuka okha, amayi. Palibe amavulala."

Levi anali ndi lilime lotsekemera. "Aise, ukhalira kuonera azungu oti anafa kalekale? Jambula yako, utchuke."

Loweruka m'mawa Cornelius anakokota therere lotsala mumphika n'kulipaka pamasitepe a khonde. Ankafuna kugwetsa mlongo wake Viola, amene anali kumjigo. Anabisala kuseri kwa khola, foni m'manja.

Koma amene anatulukira ndi ndowa pamutu anali mayi ake. Mpata wokuwa unalipo. Sanakuwe, anangodina foni.

Mayiwo anagwa chagada, msana pasitepe. Cornelius anadikira kuti adzuke, koma iwo anangokhala chigonere, madzi akuyenderera pambali pawo.

Kuchipatala anati sadzayendanso. Viola anaona therere lija, anaonanso za mufoni, mudzi wonse n'kudziwa. A Job sanamumenye Cornelius, anangoleka kumutchula dzina. Levi akamuona ankalowa m'sitolo. Cornelius anasungulumwa koopsa, m'nyumba ya kwawo yomwe.

Tsiku lina atawanyamula mayi ake kuti akaothe dzuwa, anagwada pamkeka.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukira kale," anayankha motsitsa. "Koma undiuze, pamene ndinkabwera paja, unandiona?"

"Ndinakuonani."

Mayiwo anatembenuzira nkhope kumbali, misozi ikutsikira m'khutu.

Achinyamata, wozolowera kuseka kugwa kwa mnzake amafika potchera yekha msampha, ndipo amakodwamo ndi amene amamukonda. Chikhululukiro chilipo, koma sichilumikiza msana.