Mayankho Pamwamba pa Mtsetse

Mayankho anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester. Ankakhala ndi amayi ake, a Elsie, ndi bambo ake, a Cuthbert. Mayankho ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kuthamanga pa masikii, timatabwa tovala kumapazi potereka, pa chipale chofewa chenicheni.

Koma ku Leicester chipale sichikhalitsa. Chikagwa m'mawa, pofika masana chasungunuka. Choncho ana amaphunzira pa masikii a matayala. Ndi tizitsulo tiwiri titalitali. Kalikonse kali ndi tayala kutsogolo ndi tayala kumbuyo. Mwana amavala kamodzi phazi ili, kena phazi linalo. Amagwira ndodo ziwiri. Amadzikankha ndi ndodozo pa msewu wa tara.

Loweruka lililonse Mayankho ankapita ku kalabu. Ankapita ndi mnzake, Heena. Mphunzitsi wawo anali a Rizwana.

Pa malo osalala Mayankho ankathamanga bwino. Pa chitunda ankakweranso bwino. Koma kuseri kwa chitundacho kunali mtsetse. Mtsetsewo unali wautali. Kumunsi kwake msewu unkakhota. Ndipo masikii alibe mabuleki.

Tsiku lina Mayankho anagwa pa mtsetsewo. Bondo lake linasupuka. Magazi anayenderera mpaka m'sokosi. Analira kwambiri.

Bondo linapola, koma mantha sanathe. Akafika pamwamba pa mtsetse, ankaima. Ankavula masikii. Ankatsika wapansi pa kapinga, masikii ali m'manja. Loweruka ili ankatero. Loweruka linalo ankateronso.

Kenaka a Rizwana anapatsa ana makalata a makolo awo. Anati Loweruka lotsatira kudzakhala mpikisano wa ana pa msewu womwewo. Anati mwana aliyense womaliza mpikisanowo adzapita ku Scotland mu Febuluwale. Adzapita ndi makolo ake. Kumeneko kuli chipale chambiri. Koma lamulo linali limodzi. Palibe kuvula masikii panjira.

Heena analumpha ndi chimwemwe. Mayankho sanalumphe. Anaganiza za mtsetse uja.

Madzulo bambo anabwera kuchokera ku ntchito, ku Corby. Anawerenga kalata ija. Anamwetulira. Anati uwu ndi mwayi waukulu. Amayi anawerenganso. Iwo sanamwetulire. Anayang'ana chipsera cha pa bondo la Mayankho.

"Mwanangu, ukufunadi resi imeneyi?" anafunsa amayi.

Mayankho anayankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse. Anati akufuna. Koma mawu ake anali apansipansi. Amayi anatenga cholembera. Anasaina fomu mwapang'onopang'ono.

Mlungu wonsewo Mayankho anali ndi mantha. Kusukulu ankaganiza za mtsetse. M'basi ankaganiza za mtsetse. Pa chakudya ankaganizanso za mtsetse. Ankadya pang'ono, n'kukankha mbale. Bambo akamufunsa, ankati ali bwino. Sanali bwino.

Loweruka linafika. M'mawa kunagwa mvula. Mvula inakata, koma msewu unanyowa. Tara inali kunyezimira.

Ku bwalo kunali ana ambiri. Ena anachokera ku Derby. Ena anachokera ku Nottingham. Mayankho anavala chipewa cholimba choteteza mutu. Anavala magulovesi. Pa chifuwa anamumata nambala 14. Bambo anamumangira nsapato.

A Rizwana analankhula ndi makolo. Anati makolo aime pa kapinga, m'mbali mwa msewu. Akhoza kuchemerera, koma asagwire mwana. Kenaka analankhula ndi ana. Anati pa mtsetse apinde mawondo. Manja akhale patsogolo. Maso ayang'ane kumene akupita, osati pansi.

Ana anaima pa mzere. Mtima wa Mayankho unkagunda, thi, thi, thi. Wezulo inalira.

Ana onse anauyamba. Ndodo zinkamveka pa tara, ko, ko, ko. Mayankho anadzikankha. Anadzikankhanso. Anapitirira mwana mmodzi. Anapitirira wachiwiri. Anakwera chitunda, Heena ali patsogolo pake. Bambo ankachemerera dzina lake kutali.

Kenaka anafika pamwamba.

Heena anatsika woyamba. Anatsika mwaliwiro. Pokhota paja tayala lake linaterereka. Heena anagwa. Ndodo imodzi inauluka n'kukagwera pa kapinga.

Mayankho anaona zonsezo. Anazika ndodo zake pansi. Anaima.

Kumunsi kuja Heena anadzuka. Anatola ndodo yake. Anapukuta chigongono, n'kupitiriza. Koma Mayankho sanasunthe.

Mwana wina anamudutsa. Wina anamudutsanso. Onse anamudutsa. Mayankho anatsala yekha pamwamba. Mphepo inali yozizira. Mtsetse unkaoneka wautali kuposa kale. Pokhota paja panali madzi. Misozi inadzadza m'maso mwake. Anawerama. Anagwira lamba wa sikii. Anafuna kuvula.

Ndipo anamva mapazi pa kapinga. Anali amayi ake. Anakwera chitunda chonse, ali wefuwefu. Anali atavala chikhothi chawo chachikasu, cha kutchalitchi. Anaima m'mbali mwa msewu. Sanamugwire.

Mayankho anayamba kulira. Ulendo uno analankhula Chichewa.

"Amayi, ndikuopa."

"Inenso ndikuopa, mwanangu," anatero amayi. "Ndakhala ndikuopa mlungu wonse."

Mayankho anadabwa. Sankadziwa kuti amayi nawonso amaopa.

Amayi analankhula mofatsa. Anati ngati akufuna kuvula, avule. Apita kunyumba, ndipo palibe amene amukalipire. Anati Scotland siithawa. Chaka chamawa idzakhalapobe.

"Koma ukafuna kutsika, sutsika wekha," anatero. "Iwe pa msewu, ine pa kapinga. Tithamangire limodzi."

Mayankho anayang'ana amayi. Anayang'ana mtsetse. Anaganiza kanthawi. Anasiya lamba uja. Anaimirira. Anapukuta misozi ndi gulovesi. Mantha analipobe. Mtima unkagundabe.

Anapinda mawondo. Anaika manja patsogolo. Anazula ndodo.

Matayala anayamba kuzungulira. Poyamba pang'onopang'ono. Kenaka mofulumira. Kenaka mofulumira kwambiri. Mphepo inalira m'makutu mwake. Amayi ankathamanga pambali pake. Ankamva mapazi awo, pha, pha, pha. Ankamva kupuma kwawo.

"Maso patsogolo," anatero amayi. "Maso patsogolo, Mayankho."

Pokhota paja panayandikira. Mayankho anafuna kutsinzina. Sanatsinzine. Anayang'ana kumene msewu ukupita. Anapinda mawondo kwambiri. Sikii yakumanzere inagwedera. Madzi anathovokera m'miyendo. Anapendekeka pang'ono. Anawongoka.

Anadutsa. Sanagwe.

Koma kumbuyo kwake kunamveka phi! Mayankho anacheuka pang'ono. Amene anagwa anali amayi. Kapinga anali woterera. Amayi anali khale m'matope, miyendo tambalale. Nsapato imodzi inali itavuka.

Mayankho anachita mantha ena. Anafuna kubwerera. Koma amayi anakweza dzanja. Anali kuseka.

"Pita, ndili bwino. Kamalize!"

Mayankho anapita. Tsopano msewu unali wosalala. Anadzikankha. Anadzikankhanso. Mikono inatopa, koma sanaime. Patsogolo anaona mzere woyera. Anaona Heena akumukodola. Anaona bambo akudumphadumpha ngati mwana.

Anawoloka mzere. Anali womaliza pa ana onse. Komabe anthu anawomba m'manja. Makolo a ana ena anawombanso m'manja. A Rizwana analemba nambala 14 pa pepala lawo. Anamuveka mendulo yaing'ono m'khosi. Anati akonzekere zovala zotentha, chifukwa ku Scotland kumazizira zedi.

Heena anamuonetsa chigongono chake. Chinali ndi kabandeji kakang'ono. Anati sichikupweteka kwambiri. Atsikana awiriwo anakumbatirana, ndodo zawo zikugundana.

Patapita kanthawi amayi anafika. Ankayenda pang'onopang'ono. Chikhothi chachikasu chinali chabulauni kumbuyo konse. M'tsitsi mwawo munali udzu. Bambo anawayang'ana. Anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka misozi.

"Mayi a Mayankho, inunso mwalowa resi?" anafunsa bambo. "Fomu yanu anasaina ndani?"

Amayi anawamenya pang'ono paphewa. Nawonso ankaseka.

Mayankho anayang'ana mawondo a amayi. Anayang'ana manja awo. Panalibe magazi. Panali matope okha. Anavula mendulo yake. Anaimira pa zala. Amayi anawerama, ndipo iye anawaveka.

Pobwerera anakwera basi ya ku Beaumont Leys. Mipando yopanda anthu inali yambiri. Koma amayi sanakhale. Anati angadetse mpando wa eni ake. Anaima njira yonse, mendulo ili pa chifuwa. Anthu m'basimo ankawayang'ana n'kumamwetulira.

Bambo anakhala pansi, ndodo ndi chipewa zili pamiyendo. Anaitana Mayankho kuti akhale nawo. Mayankho anakana. Anaima pafupi ndi amayi ake. Miyendo yake inali yotopa, koma anaima.

Basi inafika pokhota. Inapendekeka. Amayi anagwedera pang'ono. Mayankho anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Pindani mawondo, amayi," anatero. "Ndakugwirani."