Mzime Atsuka Macheka a Agogo

Moni, mwana wokondedwa. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa ndi moyo lero. Sendera pafupi, umve za Mzime.

Mzime anali mwana womaliza m'banja mwawo. Ankafunitsitsa kuthandiza bambo ake. Koma ankaopa chipinda cha pansi.

Chipindacho chinali pansi pa nyumba. Ukatsegula chitseko, umaona masitepe. Masitepewo ankatsika, ankatsika, mpaka mumdima. Kunkazizira. Kunkanunkha chinyontho.

Bambo ankakonza chipindacho. Ankafuna kuti azipalirako matabwa. Anasesako. Anaikako babu la magetsi. Anatsitsirako tebulo lalikulu. Kenako anabweretsa bokosi lakale, n'kulitsegulira kukhitchini.

M'bokosimo munali zida za malemu agogo. Agogowo anali mmisiri wa matabwa. Munali nyundo. Munali chopalira matabwa. Munalinso macheka aatali, a mano ambiri.

Bambo ananyamula machekawo ngati khanda. Anati pa zinthu zonse za agogo, amakonda kwambiri amenewa. Anayankhula motsitsa mawu.

Mzime anayang'anitsitsa machekawo. Anali akuda. Anali onata ndi mafuta akale. Anamva nawo chisoni.

Bambo atapita kukagula misomali, Mzime anatenga sopo. Anatenga madzi. Anatsuka machekawo ngati mmene amatsukira mbale. Anatsuka uku, anatsuka uku. Machekawo anawala. Anawabwezera m'bokosi ali onyowa. Ankafuna kuti bambo adzadabwe.

Bambo atabwera, sanatsegule bokosi. Anangolinyamula, n'kutsika nalo kuchipinda cha pansi. Anati adzapachika zidazo pakhoma Loweruka.

Masiku anapita. Loweruka m'mawa, amayi anapeza mpeni utagonera m'madzi. Unali ndi madontho ofiira. Amayi anadandaula kuti chitsulo ndi madzi sizimwerana madzi. Anaseka okha. Anati chitsulo chikanyowa chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limadya chitsulo.

Mzime anadzidzimuka. Macheka a agogo!

Bambo anali panja, akudula thabwa. Mzime anafuna kuona yekha, bambo asanaone. Anapita pachitseko chija. Anachitsegula pang'onopang'ono.

Kunali mdima. Chingwe choyatsira babu chinali pansi penipeni.

"Ambuye, ndigwireni dzanja," ananong'ona.

Anatsika sitepe imodzi. Inalira kuti kwee. Anaima. Anatsikanso ina. Ulusi wa kangaude unamukhudza patsaya. Anafuna kukuwa. Anafuna kubwerera. Koma anakumbukira nkhope ya bambo. Anatsikabe.

Anafufuza chingwe ndi dzanja. Anachikoka. Babu linayaka.

Bokosi linali pa tebulo. Mzime analitsegula.

Machekawo sanalinso kuwala. Anali ofiira. Mano onse anali ofiira. Mzime anawakhudza, chala chake n'kufiiranso. Misozi inatsika. Anaganiza kuti dzimbiri lawadya. Anaganiza kuti bambo alira.

Kenako anamva mapazi pamasitepe. Di. Di. Di.

Anali bambo, thabwa lili paphewa. Anadabwa kumupeza kumeneko. Anamufunsa kuti chamulimbitsa mtima n'chiyani lero.

Mzime anafuna kutseka bokosi. Anafuna kunena kuti palibe kanthu. Koma analephera kunama.

"Ababa, ndawononga macheka a agogo," anatero akulira. "Ndinawatsuka ndi madzi. Ndimafuna awale."

Bambo anatula thabwa. Anatenga machekawo. Anawayang'ana pafupi ndi babu. Anawatembenuza.

Mzime anagwira diresi yake mwamphamvu. Anadikira.

Bambo anakanda chitsulocho ndi chikhadabo. Pansi pa dzimbiri panaoneka kamzere koyera. Anapumira m'mwamba.

"Dzimbiri ili n'lapamwamba chabe, mwananga," anatero. "Silinalowe. Koma macheka si mbale, amayi inu. Palibe amadyerapo."

Mzime anaseka misozi ili m'maso.

Bambo anamufotokozera kuti mafuta akuda aja sanali litsiro. Agogo ankawapaka dala. Mafutawo ndiwo ankatchinga chinyontho. Anati zida zachitsulo sizisamba madzi, zimadzola mafuta basi. Anatinso wachita bwino kunena zoona msanga. Akanabisa, dzimbiri likanalowa mkati.

Anakhala pa benchi awiriwo. Bambo anamupatsa pepala lokhakhala lokwechera chitsulo. Anamuonetsa pogwira, kutali ndi mano. Mzime anakwecha. Bambo anakwecha. Dzimbiri linagwa ngati fumbi. Kenako anapaka mafuta ndi kansalu.

Bambo anakhoma msomali pakhoma. Anamunyamula Mzime m'mwamba. Mzime anapachika macheka a agogo ndi manja ake.

Amayi anatsika kudzawaitana. Anaona manja a onse awiri ali bii. Anapukusa mutu. Anati amisiri awiriwa asakhudze nsalu ya patebulo asanasambe.

"Ife ndiye tisamba ndi madzi," anatero bambo. "Sitichita dzimbiri."

Onse atatu anakwera masitepe, akuimba nyimbo yotamanda Mulungu. Asanakwere, Mzime ndiye anakoka chingwe, n'kuzimitsa babu.

Mwana wokondedwa, Mulungu akusunge potsika ndi pokwera. Akulimbitse mtima pamene ukuopa. Ndipo ukalakwitsa, akupatse pakamwa ponena zoona ndi manja okulandira. Amen.