Belu la m'Gemu ya Mahdi

Chimene chinayamba kumudabwitsa Zuwena chinali batire. Dzuwa la Okutobala linkawomba sola yawo tsiku lonse, koma m'mawa uliwonse batire inkapezeka itatheratu. Panalibe china cholumikizidwa kupatula babu limodzi, tivi ndi makina a gemu a mwana wawo Mahdi, amene anali ophimbidwa ndi chitenje pakona ya pabalaza.

Mahdi ankaseweretsa anthu magemu m'kashedi ku Migowi. Usiku umene napolo anatsika m'phiri la Michesi, iye anali atakagona kwa azakhali ake m'munsi mwa phirilo. Mtembo wake sunapezeke. Panalibe womusambitsa, panalibe sanda yomukulungira. Ashehe anangotsogolera swala ya maliro pabwalo popanda thupi. Patapita miyezi, mnzake Steve anabweretsa makinawo ndi tivi yake panjinga, n'kuzisiya pakhomo.

Usiku wina Zuwena anadzidzimuka ndi kulira kwa belu. Silinali la kusukulu, silinali la njinga. Linkalira mochedwa, molemera, ngati chitsulo chomenyedwa pansi pa madzi. Anapapasa pambali pake, mwamuna wake Amidu panalibe.

Anamupeza pabalaza atakhala pamkeka, nkhope ili mbuu ndi kuwala kwa tivi. Amidu anali telala, zala zake zinkadziwa singano ndi sizasi basi, koma apa zinali zitagwira kachipangizo kosewerera. Pa tivipo panaima chimunthu chachitali cha nkhope yadongo, chitanyamula ndodo yomangirira belu lakuda. Chikagwedeza belulo, nthaka inkatupa, anthu amatope n'kumadzuka, n'kumachitsatira mwakachetechete.

"Bambo a Mahdi, mukutani?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona Amidu. "Taonani pamwambapo."

Pamwamba pa kamunthu kamene ankakayendetsa panalembedwa dzina la mwana wawo.

"Apa ndi pamene anasiyira. Ndikufuna ndimumalizitsire."

Kutacha Zuwena anapalasa njinga mpaka ku Migowi. Steve tsopano ankatchajitsa mafoni pakhonde la golosale. Atamva funso lake la chimunthu cha belu chija, anaseka pang'ono mwamanyazi.

"Ameneyo ndi bosi, mdani womaliza m'gemumo, mayi. Akagwedeza belu lakelo, anthu ake amatope amaitana dzina la wosewera, mawuwo n'kumalembeka pa tivipo. Ukangotembenukira kumene akuitanirako, watha, umakhala mmodzi wa iwo. Mahdi anamulephera kambirimbiri mpaka kumatukwana."

"Nanga belulo, silingatsitsidwe kuti lizilira pang'ono? Likundisowetsa tulo."

Steve anasiya foni imene inali m'manja.

"Mayi, tivi ija sipika yake inapsa kalekale. Tinkasewera duu, opanda mawu. Mwamva belu?"

"Ayi," anatero Zuwena. "Ndangofunsa."

Masiku otsatira nkhani inafika kumjigo. Ena ankati amamva belu cha kuphiri, ndipo ndi akuba mbuzi akuitanizana. Ena ankati Michesi sinayambe lero kulira usiku, mizimu ya m'menemo ili ndi ng'oma zake. Enelesi, woyandikana nawo nyumba, anadikira kuti anthu achepe, kenako anamukokera Zuwena pambali.

"Achemwali, musandimve molakwika. Amuna anu ndawaona mbandakucha ataima panjira, opanda nsapato, atayang'ana kuphiri. Ndawapatsa moni, sanandione n'komwe."

Amidu anasiya kusoka. Nsalu za mayunifolomu zinaunjikana pamakina osokera. Swala ya m'mawa, imene sanaiphonyepo ngakhale akudwala malungo, inayamba kumupitirira. Zuwena akamulankhula, ankangoti watsala pang'ono, belulo alilanda.

Usiku wina Zuwena anapeza chitseko chili pululu. Kunja kunali mdima wa ndiweyani, mphepo yotentha, agalu onse ali chete. Anatsata njira ya kuminda mpaka pamene panayambira miyala ikuluikulu imene napolo anasiya. Amidu anali ataima pakati pa miyalayo.

"Wandiitana," anatero. "Wati Ababa. Ndinangotsala pang'ono kuvomera."

 Kwawo kwa Zuwena aliyense amadziwa kuti mawu akakuitana usiku, suvomera usanaone nkhope ya woitanayo. Iye yemwe ndi amene anamuphunzitsa Mahdi zimenezi ali wamng'ono. Anagwira mkono wa mwamuna wake n'kubwerera naye. M'njira monse ankangoganiza chinthu chimodzi: phirili lamutengera kale mmodzi wopanda manda, wachiwiri ayi.

Madzulo a tsiku lotsatira, Amidu ali m'tulo, Zuwena anazula mawaya pa batire, n'kuika makina ndi tivi m'thumba la feteleza, n'kukazisungitsa kwa Enelesi. Anakhoma chitseko, kiyi n'kumumangirira pakona ya chitenje chake. Amidu atadzuka anayang'ana pakona popanda kanthu paja, n'kubwerera kukagona.

Pakati pa usiku belu linalira.

Linayambira kutali, cha kumiyala kuja. Linalira, n'kukhala chete nthawi yaitali, kenako linalira pafupi ndi khola la mbuzi. Mbuzi sizinalire. Zuwena anamva phazi lolemera likunyamuka ngati lochokera m'thope, likutera, likunyamukanso. Kenako belu linalira pakhonde penipeni, malata n'kunthunthumira.

"Ababa."

Anali mawu a Mahdi, ndi kusasa kuja kumene ankadzuka nako m'mawa. Amidu anadzambatuka, koma Zuwena anamugwera pachifuwa n'kumutseka pakamwa ndi dzanja lonse. Anamva mano a mwamunayo pachikhatho, misozi yake ikudutsa pakati pa zala.

Kunja kunakhala chete. Zuwena anayamba kupuma.

"Amayi."

Zimenezi sanazikonzekere. Masiku onsewa ankalondera mwamuna wake, osaganizako kuti nayenso angaitanidwe.

"Amayi, mwakhoma? Kunja kuno kukuzizira."

Pakamwa pake panatseguka pokha. Mawu amene ankamuyankha nawo mwana ameneyu kuyambira ali kumsana anali atafika kale palilime. Pomwepo dzanja la Amidu, lokhakhala ndi zipsera za singano, linamuphimba pakamwa mwamphamvu.

Anakhala choncho mumdimamo, aliyense atatseka pakamwa pa mnzake, mpaka azana yoitanira anthu ku swala inamveka kumzikiti. Belu silinalirenso.

Kutayera, Zuwena anamasula kiyi n'kutsegula chitseko. Mvula inali isanagwe chiyambire Epulo, bwalo lonse linali fumbi lokhalokha. Koma pakhonde panali phazi limodzi lathope lonyowa, chala chachikulu chitapindikira m'kati monga chinalili cha Mahdi chibadwire.

Amidu anabwera ndi tsache. Zuwena anapukusa mutu. Analowa m'nyumba, anatenga beseni lake losambira, n'kuvundikira phazilo bwinobwino kuti nkhuku zisalipalase.