Shuga Ayambe Wasungunuka

Mtsikana wa pa bala ya hotelo anaweruka mochedwa, basi yomaliza itapita kale. Anali ndi digiri, koma dayikiri, chakumwa cha zinthu zinayi zokha, chinkamukanika. Tsiku limenelo alendo atatu anabweza matambula, shuga atakhazikika pansi ngati mchenga. Bwana wake, mayi wosasekaseka, anangoti: "Mawa ndidzalawa ndekha. Chikadzakhala chonchi, mudzatisiyire yunifomu."

Mtsikanayo anauyamba wapansi. Magetsi a mumsewu anathera pa mlatho. Ali pakati pa mlathowo, anamva phokoso kumbuyo: khotcho-khotcho... khotcho-khotcho... Ayezi m'chitini chokhutchumulira zakumwa.

Anaima. Phokoso linaleka.

Anayenda. Linayambanso.

Kenako fungo la mandimu. Pambali pake panali mdala wa jekete loyera, chala chimodzi chodukira pakati. Nsapato zake sizinkamveka.

"Mwanawe, umafulumira ndi ayezi," anatero mdalayo. "Shuga sasungunuka pozizira, ndipo ndi mowa wa ramu samvana. Finya ndimu, thira shuga, takasa mpaka asowe. Kenako ramu. Ayezi pomalizira. Ukhutchumule mpaka chitini chikulume zala."

Mtsikanayo anangoyendabe, mdalayo ali pambali pake.

"Amati anachiyamba ndi anthu a pa mgodi, ku Cuba, kutentha kutawakwana," anapitiriza mdalayo. "Iwo aja sanafunse digiri. Anangodekha basi."

Mtsikanayo anacheuka kuti amuone bwino... panalibe munthu! Fungo lokha. Analiyatsa liwiro mpaka kunyumba, koma mantha onsewo, pakamwa pankangobwereza: ndimu, shuga, ramu, ayezi.

Kutacha, bwana analawa dayikiri ya mtsikanayo. Analawanso.

"Wakuphunzitsani ndani?"

Mtsikanayo anafotokoza za mlatho, za jekete, za chala.

Bwana anaika tambula pansi pang'onopang'ono. "Chalacho anadzidula ndi mpeni wa mandimu, pa kauntala pomwe mwaimapo. Ndi bambo anga amenewo. Tinawaika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kugugudiza chotsalacho.

"Ine anandiuza kuti manja anga ndi a mu ofesi, chitini ndisachikhudze. Yunifomuyo isungeni." Anayamba kuchoka, koma anaima pakhomo. "Mukadzakumana nawonso, mudzawauze kuti kwathu si kutali ndi mlathowo."