Trilok Amasula Ulusi wa Eni

Trilok Negi ananyamuka pa kachisi wa Amayi a Paphiri belu lomaliza litalira kale, wansembe akutseka zitseko. Alendo ena onse anali atatsika dzuwa likadalipo, monga amachitira anthu omva malangizo. Kuchedwa kwa Trilok sikunali kwa tsiku limodzi ayi; kunali kwa zaka khumi ndi zinayi.

Kalelo, iye atagona ndi matenda a m'chifuwa, mayi ake, a Basanti, anakwera phirilo opanda nsapato, namanga ulusi wofiira pa mkuyu wa pabwalo la kachisi. Analonjeza mulungu wamkaziyo kuti mwana akachira adzabwera kudzamasula ulusiwo ndi manja ake. Anachiradi. Koma ntchito ya ku Delhi inamukomera, ndipo chaka ndi chaka ankayankha kuti, "Chaka chamawa, Amayi." A Basanti anamwalira akudikira chaka chamawacho. Tsopano mwana wa Trilok, Himani, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali m'chipatala, thupi likutentha sabata yachitatu, madokotala akungoyang'anana. Mkazi wake Sarojini ndiye anamuuza mosapsatira: "Bambo a Himani, Amayi a Paphiri saiwala. Ulusi uja ukadali womanga. Pitani."

Atafika pa mkuyupo anapeza nthambi iliyonse itafiira ndi ulusi wosawerengeka. Wa mayi ake unali uti? Wansembe anamulangiza mwaulemu kuti wosadziwa ulusi wake amagona pakhomo pa Amayi mpaka atasonyezedwa. Trilok anayang'ana wotchi.

"Bambo wansembe, ulusi ndi ulusi. Basi ya m'mawa isandisiye."

Anagwira umene unali pafupi, wakale, wotuwa ndi mvula, naumasula. Sanagwade, sanatsazike. Munthu wophunzira ndithu, koma wosaleredwa.

Anatsika masitepe amiyala akuunika ndi foni, ulusi uli m'dzanja. Nkhalango inali zii. Pakati pa ulendo pali mlatho wamatabwa, ndipo kunsi kwake, m'mbali mwa mtsinje, ndi kumene anthu a m'mudzi amatenthera mitembo yawo. Fungo la phulusa lonyowa linamulonjera asanafike. Popeza ulusi womasulidwa umaperekedwa kwa madzi oyenda, Trilok anaima pakati pa mlatho nauponya pansi. Mtsinje unaulanda. Anapuma mokweza, ngati munthu wotula katundu.

"Mwana wa Basanti."

Anatembenuka. Kumapeto kwa mlatho kunaima mayi wokalamba, wovala nsalu yoyera ya akazi amasiye, wopanda nsapato, wopanda nyali. Mwana wolongosoka akanawerama n'kukhudza mapazi a munthu wamkulu chotero. Trilok sanapereke ngakhale moni.

"Mukufuna chiyani usiku uno, agogo?"

Nkhope ya mayiyo inali yowala ndi chimwemwe. "Ndamva mfundo ikumasuka. Hukam wanga wafika? Ali kuti? Wanenepa?"

"Hukam ndani?"

"Mwana wanga. Anapita ku migodi ya malasha, makalata anasiya kubwera. Ndinamanga ulusi kuti Amayi amufunefune. Ulusi sumasulidwa chopempha chisanachitike. Wamasula ndiwe... ndiye kuti wabwera naye."

Trilok anabwerera m'mbuyo pang'ono. Mayiyu anamva bwanji mfundo ikumasuka, iye ali kuno kumunsi?

"Agogo, ine... ndimayesa ndi wa mayi anga."

Chimwemwe chija chinazima pang'onopang'ono. Mphepo inaleka. Ngakhale mtsinje unamveka ngati uli kutali.

"Ndiye kuti Amayi asiya kumufuna," anatero motsitsa mawu. Kenaka anatambasula dzanja. "Bweza. Tikwere, ukaumange pamene unali. Wa Basanti ndikuudziwa, tinamanga tsiku limodzi. Ndikakusonyeza."

Mayiyo anayamba kuyenda pamlathopo. Matabwa aja, amene ankalira pa phazi lililonse la Trilok, anali chete. Kuwala kwa foni kunagwera pa dzanja lotambasulalo... n'kupitirira mpaka pa matabwa. Chithunzithunzi panalibe!

Trilok anafuna kuthawa. Koma dzanja la mayiyo linali likudikirabe. Anatsegula dzanja lake. Munalibe kanthu. Maso ake anapita okha kumtsinje.

Mayiyo anayang'ananso komweko. Anayang'ana nthawi yaitali.

Apa m'pamene Trilok anagwada. Anafunafuna mapazi aja kuti awakhudze, koma zala zake zinangogunda thabwa lozizira.

"Amayi, chonde! Mwana wanga akudwala! Ndi nthambi iti? Ingonenani nthambi!"

"Mwana," anatero mayiyo. "Inde. Zimenezo ndikuzidziwa."

Kenaka anatembenuka. Anatsika potsetsereka, nadutsa pa phulusa la mitembo, nalowa m'madzi. Madzi sanachite phokoso. Anawerama, manja akupapasa pakati pa miyala. Anasunthira kumunsi. Akupapasa... akupapasa... mpaka nsalu yoyera inasungunuka mumdima.

Trilok anathamanga! Anagwa, anadzuka, anagwanso, maondo ali magazi okhaokha. Patsinde pa phiri anapeza nyali imodzi: Kedar Bisht, mkulu wogulitsa tiyi, anali kukoleza moto kukonzekera alendo a m'bandakucha.

"Kodi kambuku wakukanani, bwana wa ku Delhi?" anaseka Kedar. "Nyama ya m'tauni mafuta okhaokha."

Trilok anafotokoza zonse mwachibwibwi. Atatchula dzina la Hukam, Kedar anaika ketulo pansi. Kuseka kunatha.

"Ameneyo ndi Bhagirathi. Tinamutentha kunsi kwa mlatho womwewo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Moto ndinayatsa ndine, poti mwana woyatsa panalibe. Ulusi wake tonse kuno timaudziwa, ngakhale abusa a mbuzi saukhudza. Inu mwabwera tsiku limodzi, mwaumasula."

"Nanga wa mayi anga? Palibe wina woudziwa?"

"Tsiku limenelo anakwera awiri, ndipo onse awiri ndi phulusa. Mukanagona pakhomo paja monga anakuuzani wansembe, mukuganiza kuti Amayi akanatuma ndani kudzakusonyezani?"

Kedar anathira tiyi m'kapu, namwa yekha. Mlendoyo sanamupatse.

Foni inalira m'dzanja la Trilok. Anali Sarojini, mawu atasasa ndi kulira.

"Bambo a Himani, mwana sakundizindikiranso. Ndiuzeni, mwamasula?"

Trilok anakweza maso kuphiri, kumene mkuyu uja unaima mumdima ndi ulusi wake wosawerengeka.

"Ndamasula," anatero.